Mkamwini Wakwera Phiri

Dundee, Scotland
8 Juni 2014

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mlongo wanga Artur ndi malume a Dinis. Ife kuno tili bwino. Mdzukulu wanu Idesi waguluka mano awiri akutsogolo, akamaseka ndimaona inu. Mawondo aja akutani? Mafuta opaka ndatumiza, musawasunge m'sutikesi ngati aja a chaka chatha.

Ntchito yanga ndi yomwe ija yosamalira okalamba, koma masiku ano ngakhale nkhalamba zoyenda ndi ndodo zikukangana mpaka tiyi kuzizira. Nkhani yake ndi iyi. Dziko lino la Scotland linaphatikana ndi England zaka mazana atatu zapitazo, boma lalikulu n'kukhala ku London. Tsono pa 18 Seputembala anthu adzavota: kodi Scotland aime payekha, inde kapena ayi? Ena akuti mafuta a pansi pa nyanja ndi athu, tidzilamulire tokha. Ena akuti mukachoka mudzagwiritsa ndalama yanji, nanga penshoni adzalipira ndani? Chodabwitsa n'chakuti nanenso ndili m'kaundula. Akuti munthu wa ku Mozambique wokhala kuno movomerezeka ali ndi ufulu wovota. Tangoganizani, ine mwana wa ku Mualadzi kukagamula mlandu wa azungu!

Mkamwini wanu, a Ewan, ndiye zawalowa m'mutu. Akaweruka kugalaja kokonza mabasi amavala malaya abuluu olembedwa kuti inde, n'kumayenda khomo ndi khomo ngati katekista. Pazenera amatapo chikwangwani chachikulu, moti dzuwa, lomwe ndi losowa kale kuno, sililowanso.

Mundilembere za kumudzi. Mwakolola bwanji?

Mwana wanu,
Generosa

*

Mualadzi
5 Julyu 2014

Mwanangu Generosa,

Ndine mayi ako Adelina, cholembera wagwira ndi Artur. Ndamuuza alembe mmene ndikunenera, asakometse.

Tili bwino, nkhokwe yadzaza, mafuta afika. Koma kalata yako yandilanda tulo. Iwe ukuseka. Independensiya, ufulu wa dziko lathu, ine ndinaivinira ndili namwali, mpaka chitenje changa cha kapulana kung'ambika, osadziwa chimene chinali kubwera pambuyo pake. Iwe unali kumsana pamene tinkadula thengo kuthawira ku Zambia, ndiye ukungokumbuka phala la kumsasa ndi Chingerezi cha masisitere. Ine ndikukumbuka mmene zinayambira. Nyimbo, zikwangwani, anthu oyenda khomo ndi khomo kulemba maina. Alongo anga Lourenço ndi Dinis ankadyera mbale imodzi. Wina anapita uku, wina uku. Anabwerako ndi Dinis yekha.

Tsono tamvera. Chikwangwanicho chichoke, nyumba yolembedwa ndiyo imayamba kupsa. Dzina lako ukalichotse m'kaundula, mlendo salowerera mlandu wa eni mudzi. Gula mchere ndi machesi, umange m'kapulana, uike pafupi ndi chitseko. Mupangane ndi bambo a Idesi malo okakumana mukadzabalalika, mwanayo aloweze pamtima. Pothawa osadzera msewu waukulu.

Pa telefoni nkhani imeneyi usaitchule, mphepo ili ndi makutu. Uzilemba kalata, zizidzera ku Katete monga kale, Artur azikazitenga kumalire a Cassacatiza kwa woyendetsa lole uja.

Mayi ako

Mana, mlongo wanga, pano ndine Artur. Ndawauza kuti ku Ulaya samenyana chifukwa cha voti, anditcha mwana wa dzulo. Matayala a njinga atha ndi ulendo wa ku Cassacatiza umenewu, mundikumbukireko.

*

Dundee
3 Ogasiti 2014

Amayi anga okondedwa,

Moni kwa onse. Za matayala ndamva, Artur akaone kwa woyendetsa lole.

Amayi, kalata yanu ndinaiwerengera kuntchito, ndinaseka mpaka mnzanga kundifunsa ngati ndalandira uthenga wa ukwati. Mchere? Sitolo ili pakhomo pomwepa! Kuno mfuti ngakhale apolisi ambiri sayenda nazo. Anthu amakangana pa wailesi ya kanema, kenako n'kukamwera limodzi. Wa inde ndi wa ayi amakhala benchi imodzi m'tchalitchi. Malo okakumana tikabalalika ndi pa siteji ya basi, ndipo basiyo imabwera pa nthawi yake.

Bambo a Idesi sindinawawerengere kalatayo, angaganize kuti kwathu timaona azungu ngati zigawenga. Iwo mtima wonse uli pa nkhaniyi. Bambo awo anachotsedwa ntchito fakitale itatsekedwa, ndipo amati chigamulocho chinachokera kutali, kwa anthu osadziwa ngakhale msewu wa ku Dundee. Akamafotokoza maso amafiira. Dzulo pa chakudya anati, "Nyumba ino mavoti awiri a inde alipo kale." Ine ndinangowonjezera mchere m'ndiwo. Zoona zake sindinaganize bwinobwino, koma nthawi ilipo.

Amayi, nkhondo inatha zaka zoposa makumi awiri zapitazo. Ituleni pansi, mwaisenza kokwanira. Si dziko lililonse lili ngati kwathu.

Generosa

*

Mualadzi
1 Setembro 2014

Mana Generosa,

Ndine Artur, lero ndikulemba ndekha. Matayala ndagula, zikomo kwambiri.

Kalata yanu ndinaiwerenga yonse osadumpha, ndipo ndikanadziwa ndikanadumpha mzere womaliza. Amayi anangoti, "Aa, ndiitule?" n'kunyamula khasu. Ati alibe mawu oti ndilembe.

Chimene chandilembetsa ndi ichi. Kuyambira tsiku limenelo sagona m'nyumba. Kukada amatenga mphasa ndi phukusi lawo n'kukagona pansi pa nkhokwe, ngati mmene ankachitira nthawi ya nkhondo, poti wogona m'nyumba ndiye ankagwidwa. Ndawauza kuti nkhondoyo, ngakhale itakhalako, ili kutsidya kwa nyanja. Ati mwana wawo akakhala pangozi iwo sangagone pansi pa malata ngati munthu wopanda ana. Ati wina m'banja ayenera kukhala maso, poti inu kumeneko mwasankha kuseka. Phukusilo muli mchere, machesi, kolona ndi chithunzi cha Idesi.

Anapitanso kwa a padiri kukapempha misa ya anthu a ku Esikosiya, ndiye Scotland wanuyo. A padiri anayesa kuwalongosolera, koma mukuwadziwa amayi. Misa inachitika, ndipo amayi a gulu lawo lopemphera akufunsa tsiku lililonse ngati kwayamba. Malume a Dinis anafunsa funso limodzi lokha, ati dziko limenelo lili ndi mapiri? Nditati inde, anapukusa mutu n'kubwerera ku mbuzi zawo.

Udzudzu wayamba. Alembereni mawu ofewa, mana, ngakhale mukuona kuti akulakwitsa.

Mlongo wanu,
Artur

*

Mualadzi
24 Setembro 2014

Generosa,

Ndine mayi ako. Ndinati sindilembanso, koma mimba yobala ilibe manyazi.

Ladiyo yanena kuti a ayi apambana ndipo kuli bata. Ladiyo imeneyi inkanenanso kuti kuli bata chaka chimene tinathawa. Iwe unaimba telefoni n'kuti, "Tili bwino amayi, zatha." Mawu amenewo ndikuwadziwa. Nafenso tinkanena kuti tili bwino, msilikali ali chilili pakhomo.

Ndikufunsa chimodzi. Mkamwini wanga ali kuti? Zaka zonsezi ukaimba, iwo amalanda telefoni n'kukuwa Chichewa chawo chopindika chija, "Muli bwanji apongozi!", ine n'kufunda kapulana kumaso ngati akundiona. Tsiku lija sanalankhule. Lamulungu Artur anakwera pachulu paja pogwira telefoni, anaimba, sunayankhe. Dzulo chimodzimodzi. Iwo anali mbali yogonja, ndipo anayenda khomo ndi khomo, aliyense akuidziwa nkhope yawo. Kodi awatenga? Usandibisire. Ndinaikapo anthu m'manda, ndinadikirapo ena amene sanabwere, ndipo kudikirako ndiko kowawa.

Ndinadwala malungo pang'ono koma ndachira. Artur asakunamize.

Mayi ako

Mana, si pang'ono. Tinawanyamula pa njinga mpaka kuchipatala. Atangotuluka abwereranso pansi pa nkhokwe.

*

Dundee
28 Seputembala 2014

Amayi,

Pepani kuti telefoni sindikuyankha. Ndikuopa kuti ndikamva mawu anu ndilira. Kalata ya Artur ija yonena kuti mukugona panja inandipeza, ndipo ndinachita manyazi. Mundikhululukire mawu aja.

Kunja kuno kulidi bata. Palibe wamangidwa chifukwa cha voti yake, mabasi akuyenda, Idesi akupita kusukulu. Koma m'nyumba mwanga simuli bwino.

Ndinavota ayi, amayi. Ndinachoka pakhomo ndikuganiza kuti ndikondweretsa bambo a Idesi. Nditalowa m'kachipinda kovotera, ndinaona Cassacatiza. Ndinaona mzere wa anthu, chidindo, ndi azakhali aja amene anamwalira tsidya la Zambia ife n'kufika ataikidwa kale chifukwa cha mapepala. Ndinati ine malire ena atsopano ayi, ndatopa nawo. Ndinkakusekani, koma mantha anu omwewo ndi amene anagwira pensulo.

Zotsatira zitatuluka, a Ewan analira ngati pamaliro. Mzinda wathu uno unavota inde, koma dziko lonse linakana. Madzulo ake anandigwira dzanja n'kuti, "Chabwino, ife awiri tinayesetsa." Sindinathe kunama. Ndinawauza. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anati, "Miyezi yonseyi unkandichapira malaya aja uli chete?" Ati kuvota ayi si mlandu, mlandu ndi kuwasiya akuvina okha osadziwa. M'mawa mwake anatenga chikwama, apita kwa mkulu wawo kumapiri a kumpoto. Amaimbira Idesi yekha. Mwana akungondifunsa kuti adadi abwera liti.

Zaka khumi za banja, amayi, kuthera pa kapepala kamodzi. Sindikudziwa chochita.

Generosa

*

Mualadzi
19 Outubro 2014

Mwanangu,

Makalata athu anasemphana panjira. Yako Artur waiwerenga, ndipo sindinena kuti ndinanena, ngakhale ndinanena.

Kumapiri! Malume ako atamva anavula chipewa. Munthu wogonja akakwera phiri ife tikudziwa chimene chimatsatira. Artur akuti angopita kukapuma. Lourenço nayenso anati akungopita kukaona anzake. Usadikire kuti atsika okha. Wokwera phiri amachedwa ndi manyazi, ndipo akachedwa amazolowera.

Tumiza munthu wamkulu wa kwawo akawatenge, iwe usapite. Akafika uchite zimene tinachita ndi Dinis nkhondo itatha. Sitinamulole kulowa m'mudzi tsiku lomwelo. Anakhala kumtsinje. Akuluakulu anamusambitsa, zovala zonse zimene anabwera nazo anazitentha, anavala zina, n'kubwera kumudzi osacheuka. Tinapha nkhuku, tinadya mbale imodzi tonse, ngakhale aja amene gulu lake linawaphera ana. Lamulo linali limodzi: osamufunsa, iyenso osafunsa. Ena ankati chilungamo chili kuti? Mwina ankanena zoona. Koma mudzi ulipo mpaka lero, ndipo Dinis akuweta mbuzi.

Tsono mkamwini asalowe pakhomo ndi fumbi la kuphiri. Asambe panja. Malaya abuluuwo apse, ndi chikwangwani chomwe. Nawenso usambe, usadzione ngati woyera. Unaponya nawo, ndiponso unabisalira mwamuna wako m'nyumba mwake momwe. Chimene unavala tsiku lovota chipse. Mukatero mudye, ndipo pasapezeke wofunsa mnzake kuti bwanji.

Malume ako apereka kamuzu koika m'madzimo, kali m'kalata momwemu. Uthiremonso madzi odalitsa. A padiri sayenera kudziwa zonse.

Ine ndikadali panja mpaka ndimve kuti atsika.

Mayi ako

Mana, kamuzuko ndakachotsa, angakumangeni pa kasitomu. Amayi sakudziwa. Chizimalupsa chagwa kale, akutsokomola, ndipo mvula yeniyeni ili pafupi. Chitanipo kanthu, ngakhale kunama kumene.

*

Dundee
9 Novembala 2014

Amayi anga,

Atsika! Lowani m'nyumba musanamalize n'komwe kumva kalatayi.

Kuphiriko, kuti mudziwe, ankangowedza nsomba ndi mkulu wawo. Ntchito itawaitana anabwerera mumzinda muno, koma ankagona kwa mnzawo, Idesi n'kumakamuonera pageti la sukulu. Kalata yanu itafika ndinati zimenezi n'zakumudzi, mzungu angandione wamisala. Koma nzeru zanga zonse zinali zitatha. Ndinapita kwa apongozi anga, mayi awo a Ewan, ndinawamasulira kalata yonse. Ndinkayembekeza kuti aseka. Anangovala jasi n'kuti, "Loweruka abwera, ngakhale ndichite kumukoka khutu."

Dzulo masana anafikadi, malaya aja ali m'thumba monga mayi awo anawalamulira. Anandipeza kuseri kwa nyumba ndi ndowa ya madzi ofunda, nthunzi ili tolotolo, kuzizira kwake kosanena. Anati, "Generosa, wapenga?" Ndinati mwina, koma imani pomwepo, musaponde pakhonde. Ndinawawerengera kalata yanu m'Chingerezi. Pa za phiri anaseka. Pa za malume awiri anasiya kuseka, chifukwa nkhani imeneyi sindinawauzepo bwinobwino. Nditafika poti mukugona panja kuyambira Ogasiti ndipo munagonekedwa m'chipatala, anakhala pansi pa udzu wonyowa. Anati, "Mayi wokalamba akugona panja chifukwa cha ine?" Ndinati chifukwa cha tonse awiri. Anavula okha nsapato.

Ndinawathira madzi kumutu, iwo n'kundithiranso. Tinanjenjemera ngati anapiye ogwera m'chitsime. Malaya anapsa, chikwangwani chinapsa, ndi jasi langa labwino lija, lokhalo lotentha, linapsanso. Pamenepo ndiye ndinakudandaulani, amayi, bwanji sindinavale lakale tsiku lija? Mwamwayi sabata ino anthu kuno amakoleza moto panja pa mwambo wawo, ndiye aneba anangotibayibitsa.

Nkhuku inali ya m'sitolo, mutikhululukire. Tinadya mbale imodzi ndi manja, apongozi omwe. Pakati pa chakudya a Ewan anayamba, "Koma chimene sindikumvetsa n'chakuti bwanji iwe..." Mayi awo anamenya tebulo ndi supuni, mawu anathera pomwepo. Kenako anaseka mpaka misozi, ndipo sindikudziwa ngati misozi yonseyo inali ya kuseka.

Maganizo awo sanasinthe. Akuti tsiku lina dziko lidzafunsidwanso ndipo adzayendanso khomo ndi khomo. Anga nawonso sanasinthe. Tangopangana kuti ulendo winawo ndidzanena poyera, ndipo malaya azidzachapa okha. Panopa ali pabalaza akuthandiza Idesi masamu, akuyetsemula ndi chimfine.

Madzi odalitsa ndinathira. Za kamuzu mufunse Artur.

Mwana wanu,
Generosa

*

Mualadzi
30 Novembro 2014

Mwanangu Generosa, ndi inu bambo a Idesi,

Moni nonse. Mvula yagwa, tadzala, chimanga chayamba kumera. Artur ndamufunsa za kamuzu, ndipo akulemba kalatayi khutu limodzi likutentha.

Telefoni yako ija unaimba mkamwini atatsika ndinaimva, ndi moni wa mkamwini ndinaumva. Koma ndinati ndidikire kalata, pakamwa pamanama msanga kuposa dzanja. Ndinangosunthira pakhonde chifukwa cha mvula. Kalatayo yafika Lachisanu. Artur anaiwerenga pansi pa mtengo wa mango, amayi a gulu lathu onse alipo. Pa jasi paja anaseka mpaka wina kutsamwa. Jasi ndi chiyani, mwanangu? Ugula lina. Mkamwini amwe madzi a mandimu otentha.

Malume ako nawonso analipo. Itatha anafunsa kuti, "Ndiye kuti anthu dziko lonse anakangana, anawerenga mapepala, n'kubwerera kwawo?" Artur anati inde. Malume ako anati, "Palibe wasowa? Ngakhale mmodzi?" Artur anati palibe. Anamuuza awerengenso kuyambira poyamba, ndipo anawerengadi. Atamaliza, malume ako anapita kukhola n'kubwera ndi mbuzi. Iwe ukuwadziwa malume ako ndi mbuzi zawo, ngakhale pa Natale, Khirisimasi yeniyeni, sapha. Tadya mudzi wonse.

Ena akundiseka kuti ndinadyetsa udzudzu miyezi itatu chifukwa cha nkhondo yomwe kunalibe. Aseke. Unanena zoona kuti si dziko lililonse lili ngati kwathu, ndavomera, ndipo ndakondwa kulakwa. Koma nawenso uvomere kuti nyumba zonse n'zofanana.

Loweruka ndinamasula phukusi. Mchere unali utagwirana ngati mwala, ndaupereka kwa mbuzi zotsala. Ndinalowa m'nyumba, ndinatseka chitseko, ndinagona pabedi. Lero Lamulungu belu la misa linalira, sindinalimve. Amayi a gulu ataona malo anga ali opanda munthu anathamanga kuno, wina atayamba kale kulira panjira. Anakankha chitseko n'kundipeza ndikuliza mkonono, dzuwa lili pamutu. A padiri ndikawapepesa mawa. Tulo totere, mwanangu, ndinatisiya tsiku limene ndinakubereka kumsana kupita ku Zambia.

Mayi ako,
Adelina